Lipoti la mwana wa miyezi 26 amene ankati zilankhulo zamusokoneza

Ndimagwira ntchito yothandiza ana amene akuchedwa kuyankhula, pa chipatala china chaching'ono kum'mwera kwa Johannesburg. Kwathu ndi ku Ntcheu, ndiye manesi akaona kuti wafika ndi Mmalawi amangomulozera kuchipinda kwanga. Makolo a mwana amene ndikufotokoza pano anandilola kulemba nkhani yake bola ndisatchule maina, ndipo zina zomwe zingachititse anthu kuwazindikira ndazisiya dala.

Chomwe anabwerera

Mayi anafika m'mwezi wa Julaye, kukuzizira kwa Joni kuja kolowa m'mafupa, mwana ali kumbuyo atamufunditsa bulangete pamwamba pa chitenje. Anali mnyamata wa miyezi 26. Atangokhala pansi anati: "Adokotala, mwanayu sayankhula. Anzake obadwa naye mwezi umodzi akutchula chilichonse, iyeyu amangoloza n'kumalira." Ine si dokotala, koma ndinaleka kalekale kuwakonza anthu pa zimenezi.

Ndinafunsa kuti iwo akuganiza kuti vuto n'chiyani. Funso limeneli sindiliiwala, chifukwa yankho lake limandiuza zomwe banjalo layesa kale. Mayankho anali awiri. Agogo a mwanayo ku Dedza ankati lilime ndi lomangika, akufunika kukamudula kamnofu ka pansi pa lilime. Kuno ku Joni, mayi wosamalira ana kukireshi pamodzi ndi alamu awo ena anawauza kuti mwana wasokonezeka ndi zilankhulo, ndipo asiye Chichewa, azimuyankhula Chingerezi chokha poti ndicho adzachifune kusukulu. Malangizo achiwiriwa anali atawatsata kwa miyezi 8.

Mbiri ya mwana ndi ya pakhomo

Anabadwira kuno, miyezi itakwana, analira atangobadwa, sanagonekedwe. Anayamwa mpaka miyezi 14. Kukhala, kukwawa ndi kuchita dede zonse zinabwera pa nthawi yake, ndipo anayenda ali ndi miyezi 13. Katemera yense analembedwa m'buku lake la kusikelo, lomwe kuno limatchedwa Road to Health Booklet. M'bukuli muli tsamba lofunsa za kakulidwe ka mwana, kuphatikizapo kumva ndi kuyankhula, koma pa miyezi 18 panali popanda cholembedwa. Makutu sanayezedwepo chibadwire. Malangizo a HPCSA, bungwe loyang'anira ogwira ntchito zaumoyo kuno ku South Africa, amati khanda liyezedwe makutu lisanathe mwezi umodzi, vuto litsimikizidwe pofika miyezi 3, thandizo liyambe pofika miyezi 6, koma ana ambiri amene amandipeza sanadutse pamenepo.

Mayi anakumbukira kuti cha m'ma miyezi 8 mwana ankabwebweta kwambiri, bababa, mamama, mpaka kudzutsa anthu m'mawa. Ali ndi miyezi 11 mayi anabwerera kuntchito, mwana n'kuyamba kukireshi. Kuyambira pamenepo chimfine sichinamuchoke. Khutu lamanzere linatulukapo mafinya kamodzi, anapatsidwa mankhwala, nkhani n'kuthera pomwepo. "Kenako anangokhala ngati wazizira," anatero mayiyo. "Tinkati ndi mwana wofatsa."

Banjali limakhala m'chipinda chimodzi m'nyumba yogawana ku Rosettenville. Mayi amagwira ntchito ya m'nyumba kumpoto kwa mzinda, amanyamuka 5 koloko m'mawa, matakisi awiri, kubwera 7 koloko usiku. Bambo, a ku Mangochi, amagulitsa m'sitolo ku Mayfair masiku 6 pa sabata, ndipo amasuta fodya pafupi ndi zenera la chipinda chomwecho. Makolo amayankhulana Chichewa, bambo akaimba foni kwawo ndi Chiyao. Kukireshi, komwe ndi chipinda cha kuseri kwa nyumba ya munthu, mayi mmodzi amasunga ana 9, amayankhula Chizulu, TV ili chiyatsire. Madzulo mayi akamaphika, mwana amapatsidwa foni kuti aonere makatuni a Chingerezi.

Zomwe ndinaona

Mayeso a chilankhulo amene tili nawo m'kabati anapangidwira ana a ku England ndi ku America. Kumuyesa nawo mwana uyu n'kulemba malikisi kukanakhala kunama. Ndinatenga ena mwa mafunso a Malawi Developmental Assessment Tool, chida chomwe Melissa Gladstone ndi anzake anachipanga ndi ana a ku Malawi n'kuchisindikiza mu 2010, kuti andithandize kuona kakulidwe konse. Zotsalazo ndinachita pansi, pa mkeka, ndi kapu, supuni, nsapato, kachidole, kagalimoto ndi mthiko womwe ndinabwera nawo kuchokera kumudzi.

Choyamba ndimafuna kudziwa ngati mwana ali ndi chidwi ndi anthu. Uyu anali nacho chambiri. Atatola kagalimoto anatembenukira kwa amake n'kukakweza m'mwamba kuti aone. Njiwa itatera pazenera analoza, kuyang'ana ine, kuyang'ananso njiwa. Kuloza kotere si kopempha, n'kofuna kuti muonere limodzi, ndipo ana ambiri amakuyamba asanakwanitse chaka kapena atangochikwanitsa. Anatenga mthiko n'kuyamba kuvundula m'kapu, kenako kudyetsa chidole, n'kuchipukuta pakamwa ndi malaya ake. Mwana amene akudyetsa chidole nsima yosaoneka wafika kale pomvetsa kuti chinthu china chingaimire china, ndipo mawu ndi momwemo. Nkhawa ya autism, vuto limene limamulepheretsa mwana kucheza ndi kulumikizana bwino ndi anthu, inachepa kwambiri mumtima mwanga pamenepo.

Lilime analitulutsa mpaka kudutsa milomo pomwe ankanyambita yogati. Panalibe chodula.

Chinandiimitsa ndi ichi. Ndikamuuza ali chondiyang'ana kuti "Ndipatse nsapato," ankapereka. Ndikanena mawu omwewo ndili kumbuyo kwake, motsitsa, sankatembenuka n'komwe. Amake atamuitana ali pakhomo anatembenuka kachitatu, ndipo anayamba wayang'ana mbali yolakwika. Pakamwa panali pongoyasama, akupumira mkamwa.

Kuwerenga mawu kunatitengera nthawi. Mayi poyamba anati mwana ali ndi mawu 5. Iwo ankawerenga a Chingerezi okha, poti ndiwo ankawadikira. Ndinawafunsa tsiku lonse, kuyambira podzuka: akafuna madzi amati chiyani, akaona galu, akakana. Zinayamba kutuluka. "Mazi" akafuna kumwa. "Pato" pa nsapato. "Woza," la Chizulu, akamakoka munthu. "Gogo" akaona foni ikulira. Ndiye panali "moto," lomwe mayi ankadabwa nalo poti mwana amalinena ali pazenera pomwe kulibe moto uliwonse. Ndinaika kagalimoto patsogolo pake, iye n'kunena momveka bwino, "moto." Mayi anagwira pakamwa.

Zimenezi si zachilendo. M'Chichewa timakoka silabo yachiwiri kuchokera kumapeto kwa mawu, ndipo ana aang'ono amagwira mapeto omveka kwambiriwo n'kusiya mutu: galimoto n'kukhala moto, nsapato n'kukhala pato. Katherine Demuth, amene anafufuza ana ophunzira Chisotho ku Lesotho, anafotokoza zofananazo: mwana amayamba ndi tsinde lokha la dzina, kenako amaika kamawu kosamveka bwino patsogolo, pomaliza mphatikiram'mbuyo yeniyeni, kachigawo ka kumayambiriro kwa dzina, n'kutulukira.

Titaphatikiza zilankhulo zonse tinapeza mawu 19. Kuwerenga mophatikiza chonchi ndiko koyenera kwa mwana wa zilankhulo zingapo. Barbara Pearson ndi anzake anaonetsa mu 1993, pa ana a Chisipanishi ndi Chingerezi ku Miami, kuti ukaphatikiza mbali zonse ziwiri ana otere sasiyana kwenikweni ndi a chilankhulo chimodzi. Komabe 19 ndi ochepa. Mwana wa zaka 2 amene sanafike mawu 50 ndipo sakulumikiza mawu awiri timamutenga kuti wachedwa. Sindinawanamize mayiwo kuti zonse zili bwino.

Mnzanga woyeza makutu anatipezera mpata sabata yomweyo. Makina a tympanometry, oyeza mmene nembanemba ya khutu ikugwedezekera, anajambula mzere wogona m'makutu onse awiri, kusonyeza madzi kuseri kwa nembanemba ya khutu. Kumva kunali kotsika pang'ono, ngati mmene munthu amamvera atatseka makutu ndi zala. Mwa ana aang'ono, kanjira kolumikiza khutu ndi kukhosi n'kakafupi ndiponso kogona, motero chimfine chikachuluka madzi amatsakamira. Kukhala m'gulu la ana ambiri ndi utsi wa fodya zimawonjezera. Vutoli silipweteka kawirikawiri, limabwera n'kupita, n'chifukwa chake makolo amati "akumva, koma amachita dala."

Mmene ndinaimvera nkhaniyi

Madzi a m'makutu paokha sakanamufikitsa apa. Ana ambiri amakhala nawo n'kumayankhula bwinobwino. Chomwe chinachitika n'chakuti makutu anatsekeka pa nthawi yomweyo imene mawu omuzungulira anachepa.

Taganizani mwana wa msinkhu womwewu kumudzi. Akuluakulu kwathu sachezacheza ndi khanda, zoona, ena amaona ngati n'zachibwana. Koma khandalo silisowa woyankhula nalo. Pali mlezi wa zaka 7 amene amalibereka tsiku lonse, asuweni olinyengerera, azakhali olinena kuti "mwamuna wanga," agogo oliimbira, ana a pabwalo olilanda chinangwa kuti lilire. Ntchito yomwe mabuku a azungu amaipereka kwa mayi yekha, kwathu imagwiridwa ndi bwalo lonse. Mwana wa ku Rosettenville alibe bwalo. Ali ndi chipinda chimodzi, chitseko chokiya, makolo otopa ndi foni. Makolowo akulera monga analeredwera, osadziwa kuti amene ankawaphunzitsa kuyankhula anatsala kumudzi.

Pamwamba pa izo, mawu ochepa omwe anatsala anadulidwanso. Chingerezi cha mayiyu n'cha kuntchito, chokwanira kumvana ndi abwana. Kwa mwana chinangokhala malamulo: bwera, khala, usagwire. Nthabwala, nyimbo, kunyengerera, mawu ngati "psiti," "mbuu," "gwede gwede," zonse zili m'Chichewa, ndipo anazitsekera m'sutikesi. Ndinaona ndekha pa mkeka paja: akamayankhula ndi ine nkhope inkasewera, akatembenukira kwa mwana mawu n'kuuma.

Zoti zilankhulo zimasokoneza khanda zilibe umboni. Khanda limayamba kumva lili m'mimba m'miyezi yomaliza, ndipo limabadwa likudziwa mawu a amake. Janet Werker ndi Richard Tees anaonetsa mu 1984 kuti makanda a miyezi 6 mpaka 8 a m'mabanja a Chingerezi ku Canada ankasiyanitsa maliwu a Chihindi omwe makolo awo sankatha kuwasiyanitsa, koma pofika miyezi 10 mpaka 12 luso lija linali litachepa. Ubongo umasunga zomwe ukumva tsiku ndi tsiku, zina n'kuzisiya. Mwana womva Chichewa ndi Chizulu amasunga zonse ziwiri. Ndipo ziwirizi n'zapachibale: amanzi ndi madzi, inyama ndi nyama, umuntu ndi munthu. Ku Mangochi komwe bambowa anakulira, ana amakula ndi Chiyao ndi Chichewa popanda wodandaula. Nditawakumbutsa zimenezi anaseka, amvekere, "Ine ndiye ndinasokonezeka liti?"

Za foni ndinawafotokozera kafukufuku wa Patricia Kuhl wa mu 2003 ku Seattle. Makanda a miyezi 9 anacheza maulendo 12 ndi anthu oyankhula Chimandarini, ndipo anaphunzira kusiyanitsa maliwu ake. Ena anaonetsedwa anthu omwewo pa kanema, ndipo sanaphunzirepo kanthu. Kanema sadikira yankho la mwana, sayang'ana chomwe mwana akuyang'ana. Bungwe la WHO mu 2019 linalangiza kuti mwana wosakwana zaka 2 asamaonere kanema, ndipo wa zaka 2 asapyole ola limodzi pa tsiku. Uyu, kuphatikiza kukireshi ndi kunyumba, ankapyola maola 4.

Pomwe ndinalakwitsa

Tsiku loyambalo ndinawapatsa mayi pepala la malangizo lomwe timapatsa aliyense: zimitsani foni, muwerengereni buku tsiku lililonse, khalani naye pansi mphindi 20, bwerani pakatha masabata awiri. Anavomera zonse mwaulemu, "Chabwino adokotala." Sanabwere. Nditaimba foni patatha mwezi anandiuza zoona: tsiku lomwe anabwera kwa ine abwana awo analidula pa malipiro, buku alibe, ndipo foni akaizimitsa mwana amapita ku chitofu pomwe pali mphika wowira, m'chipinda momwe bedi ndi chitofu zatalikirana masitepe awiri. Ndinachita manyazi. Ndinalemba malangizo a nyumba ya zipinda zinayi.

Zomwe tinagwirizana kachiwiri

Tinasamutsira kukumana Loweruka masana kamodzi pa mwezi, pakati pake tizitumizirana mauthenga a mawu pa WhatsApp. Sindinawonjezerenso ntchito pa tsiku lawo. Tinangolowetsa mawu m'zomwe amachita kale.

Chachikulu chinali kubwerera ku Chichewa, ndipo bambo aziyankhula Chiyao akafuna. Mayi anafunsa kawiri ngati sadzavutika kusukulu. Ndinati Chingerezi chili paliponse mu Joni, chidzamupeza, ndipo chidzamera bwino pa chilankhulo chomwe chazika kale mizu.

Pophika, m'malo mwa foni, mwana azikhala pabedi ndi mbale yapulasitiki ndi mthiko wake, amake akunena zomwe akuchita: ndikuthira ufa, ndikuvundula, yatentha. Posamba, kutchula ziwalo. M'mawa popita kukireshi ali kumbuyo amamva koma saona nkhope, ndiye pofika pageti azimutsitsa, kugwada, kuyankhula naye maso ndi maso asanamusiye. Chifukwa cha makutu aja, aziyandikira, azimuitana kaye ndi dzina, wailesi ikhale yozima akamayankhula naye.

Zinthu ziwiri zinawavuta. Choyamba kudikira. Mwana akaloza kapu, dzanja la mayi limakhala litafika kale. Ndinawapempha aziwerenga chamumtima mpaka 5, akumuyang'ana, kenako anene "madzi," n'kupereka, kaya wabwereza kaya ayi. Chachiwiri kusiya kumuyesa. "Nena madzi! Nena!" kumamutseka pakamwa mwana. Akati "moto," asamukonze, angomubwezera mawu athunthu ndi kena kowonjezera: "Eya, galimoto. Galimoto ikupita."

Foni sitinaitaye. Lamulungu lililonse amaimbira agogo ku Dedza pa vidiyo. Kuyankhulana kotere n'kosiyana ndi makatuni, poti agogo amayankha zomwe mwana wachita pompo. Agogowo, atamva kuti lilime silidulidwa, anakhumudwa pang'ono, kenako anatenga ntchito yawo mwamphamvu: kumuonetsa nkhuku, mbuzi, nkhokwe, kumuimbira nyimbo zoombera m'manja. Bambo anayamba kusutira panja. Kukireshi sindinathe kusinthako kanthu kupatula kupempha kuti mwana azikhala kutali ndi TV, pafupi ndi mayi wosamalirayo. Mayi mmodzi pa ana 9 sungamupemphe zambiri.

Pa madzi a m'makutu tinatsata njira yodikira miyezi 3, poti nthawi zambiri amauma okha, n'kuyezanso.

Zotsatira

Mu Okutobala, ali ndi miyezi 29, kutatentha chimfine chitachepa, khutu lamanja linali litayera. Lamanzere linali chimodzimodzi. Mayi ankalemba mawu atsopano kuseri kwa kalendala, ndipo anafika 64, ambiri a Chichewa. Anali atayamba kulumikiza: "moto pita," "mama bwela," "gogo kuku." Mawu ochita anachuluka, zomwe ndimaziyembekezera kwambiri kuposa maina, chifukwa chiganizo cha Chichewa chimamangidwa pa mneni.

Chinandisangalatsa kwambiri ndi kamawu komwe anayamba kuika patsogolo pa maina: "apato," "imoto," "ipewa." Mayi ankaona ngati wabwerera m'mbuyo. Ndinawauza kuti ayi, khutu lake layamba kumva kuti pali kanthu patsogolo paja, akusungira malo. Mu Januwale, miyezi 32, chipewa chinali chipewa, ndipo ananena "chipewa changa" osati "yanga." Palibe anamuphunzitsa magulu a maina. Anawatola yekha m'zomwe ankamva. Pa "wanga" ndi "langa" ankasokonezabe, zomwe n'zoyenera pa msinkhuwu.

Kamvekedwe kokweza ndi kotsitsa mawu ndinkakamvetseranso, poti m'Chichewa n'komwe kamasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Moira Chimombo ndi Al Mtenje analemba mu 1989 za mmene ana a Chichewa amaphunzirira kukana, n'kuonetsa kuti kamvekedwe ndi galamala zimakulira limodzi. Mwanayu "sindifuna" ankamutchula "sifuna," koma nyimbo ya mawuwo inali yolondola, ndipo aliyense m'nyumba ankamumva.

Sanafikebe pa anzake. Ziganizo zake n'za mawu awiri kapena atatu, mlendo amamva theka la zomwe akunena, ndipo malangizo a mbali ziwiri, monga "tenga kapu uike pabedi," amawatsata pokhapokha m'chipinda muli bata. Khutu lamanzere lakhala ndi madzi miyezi yoposa 6, choncho tamutumiza kwa dokotala wa makutu, mphuno ndi kukhosi kuti aone ngati pakufunika kuika kachubu pa nembanemba, komanso aone chomwe chikumupumitsira mkamwa. Tsiku anapatsidwa, likadali kutsogolo.

Pa ulendo womaliza bambo anabwera nawo, ndipo anatulutsa nkhani yomwe ndinkaiyembekezera. Akuganiza zomutumiza mwana ku Dedza akakwanitsa zaka 3, akakhale ndi agogo, monga amachitira ambiri kuno. Kireshi ikudya ndalama, chipinda n'chopanikiza. Anandifunsa, "Achemwali, inu mukuona bwanji?" Ndinawauza mbali zonse. Pa chilankhulo, kumudzi akapeza bwalo lija, ana anzake, sukulu ya mkombaphala. Koma akasiyana ndi amake pa msinkhu umene akuwadziwa bwino, ndipo khutu lamanzere silinathe. Ndinapempha chinthu chimodzi, kuti asakwere basi pa Park Station dokotala wa makutu asanamuone.

Mayi sanayankhe kanthu pa nkhaniyi. Anali akumanga chitenje. Ndalemba kalata ya masamba awiri, ya Chingerezi ndi Chichewa, yofotokoza zoyeza makutu ndi mawu omwe wafika, ndaimata m'buku la kusikelo kuti aliyense amene adzamuone, kuno kapena ku Dedza, adzayambire pamenepo. Tidzaonananso Loweruka loyamba la Malichi.